Mpando Wachinayi wa a Shevanta

Munali m'chaka cha 1979, mvula itangoyamba kumene, pamene ndinamva koyamba liwu limene a Shevanta Gharat anatchuka nalo m'sitima za pa njanji yathu, kuyambira ku Virar mpaka ku Churchgate. Linali Lolemba, pa 11 Juni, tsiku limene ndinayamba uphunzitsi ku Dadar. Mayiwa Chingerezi sankachidziwa. Pa mawu onse odzaza mabuku aja, iwo anatolapo limodzi lokha, ngati munthu wotola batani panjira, nkulimanga pansonga ya sari, nsalu yaitali imene amayi kwathu timavala, moyo wawo wonse. Liwulo linali lakuti "ajasiti." Ine Chingerezi ndachiphunzitsa mpaka tsitsi kuyera, koma sindinaonepo liwu losenzetsedwa katundu ngati limeneli. Likanakhala bulu, likanafa chaka choyamba chomwe.

Chimene ndikufuna kukusimbirani ndi mmene ife, anzawo a m'sitima, m'bogi ya amayi okhaokha, tinavutikira kuti tiwakhazike pazenera kamodzi kokha, aone madzi a pamlatho wa Vasai maso awo asanazime. Koma yambani mwawadziwa kaye.

M'mawa umenewo sindinakwere sitima, anachita kundikweza. Khamu la pa siteshoni ya Vasai linandinyamula ngati chikuni pamadzi osefukira nkukanditaya pakati pa bogi, sari yanga yatsopano itanyowa, nsapato imodzi ili kuphazi, inayo sindidziwa kumene inapita mpaka lero. Ndili chiimire ndi mwendo umodzi ngati kakowa, ndinamva mawu ochokera cha m'munsi.

"Mwana iwe, utsikira kuti?"

"Ku Dadar, mayi."

"Ndiye ukafika utafa. Bwera kuno."

Benchi ya m'sitima zathu anaipangira anthu atatu, koma aliyense amadziwa kuti pali mpando wachinayi: kam'mphepete kaja, pamene munthu amakhala ndi thako limodzi, miyendo ili m'njira. Pamenepo ndi pamene panali mayi wamfupi, wochepa thupi, wa sari yobiriwira, duwa lili m'tsitsi. Analoza benchi yoyang'anizana ndi yawo, pomwe panali atatu kale.

"Palibe malo, mayi," ndinatero.

"Wakuuza ndani? Iwe Kokila, sonkhanitsa ntchafuzo, zamwazika."

Mayi wonenepa amene anali pazenera anatsitsa nyuzipepala. "Iwe Shevanta, ndine munthu ine, si thumba la thonje."

"Thumba la thonje likanakhala bwino, siliyankha. Tiyeni nonse atatu, pumirani m'kati. Ajasiti!"

Anapumira m'kati, nkusunthasuntha, ndipo kumapeto kwa benchi kunaoneka kamalo kokwana sosala ya tiyi. Ndinakhala. Kunena zoona, theka la ine ndi limene linakhala. Theka linalo linaima mpaka ku Dadar.

"Umagwira ntchito yanji?" anandifunsa.

"Ndine mphunzitsi wa Chingerezi. Dzina langa ndine Filomina."

"Chingerezi! Ndiye ndife anthu amodzi, Ticha. Nanenso ndimachilankhula."

Kuyambira tsiku limenelo ine ndinakhala Ticha, ndipo iwo ndinkawaitana kuti tai, monga momwe timaitanira mkulu wathu wamkazi.

Ankasoka maambulera pa fakitale ina ku Parel. Gulu lathu linali la anthu anayi: iwowo, ineyo, Kokila Vora wa kubanki, amene ankakwerera ku Virar komwe sitima imayambira nkukhala mwini wake wa zenera lakumadzulo, ndi Mehrunnisa, namwino woonda ngati singano, amene tai ankamukonda chifukwa ankakwana paliponse. "Mulungu akanalenga onse ngati iwe," ankatero, "benchi ino ikanakhala ya anthu asanu ndi awiri."

Za maambulera zija zinali zongoonjezera. Ntchito yawo yeniyeni inali yopezera anthu malo. Ankadziwa wotsikira ku Borivali, wotsikira ku Andheri, ndi wongonamizira tulo kuti asafunsidwe. Mpando uliwonse unali ndi wolowa m'malo wake, ndipo wolowa m'maloyo analinso ndi wake. Koma iwo eni sankachoka pa mpando wachinayi. Malo athunthu akawagwera, ankawapereka asanafunde nkomwe. Mpaka thupi linazolowera: akamayenda papulatifomu ankapendekera kumanzere ngati bwato limene katundu wake ali mbali imodzi.

Tsono liwu lija. M'buku langa lomasulira mawu lili ndi timatanthauzo tingapo, tonena za kukonza chinthu kuti chikwane bwino. M'kamwa mwa tai linali ndi matanthauzo ochuluka kuposa anthu a m'bogi. Akalinena mothamanga, ndiye kuti sendera. Akalikoka, "ajaaasiti," dzanja lili pabondo pako, ndiye kuti pirira mwanawe, dziko ndi lomweli. Akalinena monong'ona, ndiye kuti pali kabodza kofunika kunenedwa mwaulemu. Umu ndi mmene mwana wa mng'ono wake wa Kokila, wa zaka 32, anakhalira wa zaka 27 tsiku limene akuchimuna ankabwera kudzamuona.

"Tai, limenelo ndi bodza," ndinatero.

"Bodza ndi kunena kuti ali ndi mano pamene alibe. Izi ndi zaka chabe. Zinathinana, tazisendeza. Mnyamatayonso akuti ndi wamtali, koma ndamuona ine, utali wake uli kunsapato."

Chaka chimene anyezi anasowa mumzinda monse, anatiphunzitsa kukazinga kabichi mpaka afiire, nkumuuza kuti kuyambira lero iye ndi anyezi, aajasite. Amayi awiri akakokana tsitsi chifukwa cha chigongono, tai ankalowa pakati nkuwapatsa mpando wachinayi umodzi, azisinthana siteshoni ndi siteshoni. Pofika ku Bandra ankakhala akugawana chapati. Tsiku lina mayi wogulitsa nsomba analowa ndi dengu lodontha, bogi yonse nkukuwa kuti atuluke.

"Madzulo mumazidya, m'mawa mukuzinyoza?" anatero tai. "Mphuno ziajasite." Dengu analikankhira pansi pa benchi, pomwe panakhala Kokila.

"Iwe Shevanta! Ukudziwa kuti kwathu sitidya chamoyo chilichonse!"

"Ndani wati udye? Ndati ukhalire."

Ngakhale Mulungu ankamuuza. Mvula ikamiza njanji, sitima nkuima pakati pa tchire, ankayang'ana kudenga nkunena kuti, "Ambuye, taona kuti madzi muli nawo. Ajasitani pang'ono."

Kamodzi kokha ndinawamva akulikaniza liwulo. Mu Januwale 1991 mtsikana wina wongokwatiwa kumene analowa tsaya litatupa, nkutiuza kuti mayi ake amubweza kwa mwamunayo, akuti akaajasite. Tai anakwiya mpaka kuimirira, mpando wawo nkutengedwa ndi wina. "Liwu limenelo ndi la benchi, si la nkhope!" anatero. "Lero ukagona kwa ine." Anali ndi chipinda chimodzi chokha, momwe ankakhala ndi mwana wawo Dattu, mkazi wake ndi adzukulu. Mtsikanayo anakhala momwemo mpaka amalume ake atabwera kudzamutenga. Mmene ankagonera, akudziwa ndi Mulungu ndi tai.

Tsopano za mlatho. Sitima ikachoka pa Vasai imaima pa Naigaon, kenako imalowa pamlatho wautali uja, ndipo phokoso la pansi limasintha, limamveka ngati ng'oma yaikulu. Nthawi imeneyo bogi imakhala itadzaza mpaka pakhomo, ndipo wa pa mpando wachinayi saona china koma mimba ndi zikwama za anzake. Madzulo tai ankabwerera kutada, akusenda nandolo pamiyendo.

Amuna awo, a Bhiku, ankagwira ntchito yovuula mchenga pamtsinje womwewo, pansi pa mlatho. Anamwalira pa 3 Okutobala 1985, ndipo duwa lija linachoka m'tsitsi mwa tai, monga mwa mwambo wa akazi amasiye kwathu. Sankawatchula kawirikawiri, mpaka Lachinayi, pa 12 Novembala 1998. Tsiku limenelo tai anaphonya benchi pokhala, nkugwera pamiyendo pa mayi wachilendo. Tinaseka, iwonso anaseka, koma Mehrunnisa sanaseke.

"Tai, auzeni zimene ananena dokotala dzulo. Mukapanda kunena, ndinena ndine."

"Aa, zazing'ono. Akuti maso akutsekeka pang'onopang'ono kuchokera m'mbali. Panopa ndikuona ngati ndikusuzumira m'botolo. Akuti chaka chimodzi kapena ziwiri, botololo alivundikira. Kufakitale andilola ndifike kumapeto kwa Malichi wa 2000, ndizipinda nsalu m'malo mosoka. Maso nawo atopa, akuajasita."

Sitima inalowa pamlatho, ng'oma ija nkuyamba. Tai anatembenuzira mutu kumene kunali zenera, koma anakumana ndi chikwama cha munthu.

"Kokila, madzi amenewa amaoneka bwanji?"

"Madzi ati?"

"Apansiwa."

"Iwe, unayamba kudutsa pano ine ndikadali ndi chiuno, ndiye ukufunsa ine?"

"Sindinawaonepo."

Tinayesa nthabwala. Sinali nthabwala.

"Nanga Lamulungu, sitima zikakhala zopanda anthu?" ndinafunsa.

"Ticha, munthu wa nzeru zake akwere sitima Lamulungu? Zovala achape ndani?" Anakonza sari yawo nkupitiriza motsitsa mawu. "Bambo a Dattu ankati m'mawa uliwonse sitima yanga ikamadutsa, ankaimirira m'bwato nkumakupiza kansalu kawo kofiira. Madzulo ankandifunsa, 'Unandiona?' Ine nkumati, 'Ndinakuonani, munaima ngati bwana.' Zaka zonse zija munthu ankasiya ndowa yake nkumakupizira zikwama za eni. Sindinawaone ngakhale kamodzi. Ndikanakonda nditangoona pamene ankaimapo."

Kokila anapinda nyuzipepala. Zenera limenelo anali asanalisiyirepo munthu, ngakhale apongozi ake. "Lolemba ukhala pano," anatero. "Ndipo ukalipereka kwa wina, ndikukhalira."

Lolemba, pa 16 Novembala, Kokila anadzuka pazenera. Kudzuka kwake kunali ntchito ya bogi yonse. Anthu anachita kuyamba atuluka m'malo mwawo ngati posuntha kabati. Tai anakhala, msana uli njo, manja pamawondo, ngati mwana woitanidwa ku ofesi ya aphunzitsi aakulu. Pa Naigaon panakwera mayi woyembekezera, mimba ili uko. Ndinayesa kumubisa ndi chikwama changa, koma botolo la tai linamupeza. Sitima isananyamuke nkomwe, mayiyo anali pazenera, tai ali m'mphepete.

"Ndinati chiyani ine?" anakalipa Kokila.

"Ndi anthu awiri amenewa, Kokila. Awiri pa mpando umodzi! Mwayi wotere ungaukane?"

Tinayesa kambirimbiri. Lero nkhalamba, mawa wa chizungulire, mkuja mtsikana wopita kumayeso wofuna kuwala kuti awerenge. Ndiye Lachiwiri, pa 9 Febuluwale 1999, Mehrunnisa anatenga nsonga ya sari ya tai nkuimangirira ku chitsulo cha zenera, mfundo ya kuchipatala, yosamasuka. Pa Naigaon tinadutsa bwinobwino. Ng'oma inayamba. Tai anasendeza nkhope kuzitsulo. Koma pa njanji yoyandikana nayo panali pataima sitima ya ulendo wautali yopita ku Gujarat, yotalika ngati ulaliki wa Lachisanu Loyera, yoyambira pamene mlatho ukuyambira nkuthera pamene ukuthera. Pazenera lililonse panali bambo atangodzuka kumene.

"Waona chiyani?" anafunsa Kokila titafika tsidya.

"Ndauona mtsinje wanu. Uli ndi ndevu, ndipo ukutsuka mano."

Lachitatu, pa 14 Julaye chaka chomwecho, tinawamanganso. Titayandikira mlatho, mvula inayamba kulowa cham'mbali, ndipo moyang'anizana ndi tai munali mayi wa khanda lotsokomola. Palibe anawapempha. Anakweza dzanja lawo okha nkutsitsa chitseko cha zenera. Tinawoloka mu mdima, ng'oma ikulira pansi. Ulendo uno palibe anaseka.

"Basi, anzanga, mwayesetsa," anatero akumasula mfundo. "Madzi ndi madzi, kunyumba ndili nawo mumtsuko. Pazenera sindikhalanso, anthu ayamba kundiyang'ana ngati mkazi wa bwana."

Anabwerera pa mpando wawo wachinayi, ndipo sanalole kuti tiitchulenso nkhaniyo. Koma tsiku lililonse ng'oma ikayamba, ndinkaona mutu wawo ukutembenuka wokha. Botolo nalo linkacheperachepera. Pofika Khirisimasi ankayamba kutizindikira mawu, nkhope pambuyo.

Tsiku lawo lomaliza kuntchito linali Lachisanu, pa 31 Malichi 2000. Tinakonzekera ngati tikupita kunkhondo. Ine ndi Mehrunnisa tinawatenga m'mamawa nkukwera nawo sitima yobwerera m'mbuyo mpaka ku Virar, kuti tikayambire koyambira, mabenchi onse awiri akhale athu. Kokila anabwera ndi azibale ake atatu, onse a thupi ngati lake, amene analibe kopita; anangobwera kudzakhala khoma. Tai tinawaika pazenera, Kokila pambali pawo, azibale kutsogolo ndi m'njira. Ngakhale kukanakwera mayi wa mimba ya mapasa, tai sakanamuona.

"Mwandigwira ngati wakuba," anadandaula.

"Khala chete. Lero woajasita ndiwe," anatero Kokila.

Tinawaveka nkhata ya maluwa m'khosi, nkugawa maswiti a mkaka bogi yonse. Kunja kunali kowala, kopanda kamtambo. Tai anatsamira. Ndinaona mapewa awo akutsika, msana ukukhudza benchi, matako onse awiri ali pansi, mwina koyamba chiyambire ntchito. Kamphepo kankalowa pazenera.

"Ticha," anatero, "kani anthu a pazenera amakhala chonchi? Nchifukwa chake Kokila ananenepa."

Pa Vasai khoma linagwira. Pa Naigaon linagwira. Ng'oma inayamba, madzi anatseguka kuti mbee, mabwato ali apo, popanda sitima yotchinga. Ndinatembenuka kuti ndione nkhope yawo.

Anali mtulo. Kukamwa kuli yasa, mutu uli pazitsulo, nkhata itapendekera, akuliza mkonono ngati injini ya bwato.

"Adzutseni!" ananong'ona Mehrunnisa.

"Mudzutse ndiwe," anatero Kokila.

Ndinatambasula dzanja, koma linaima m'malere. Ndinali ndisanawaonepo atagona. Nkhope inali itasalala ngati ya kamtsikana. Tinayang'anana, aliyense kudikira mnzake, ndipo tili chiyang'anirane choncho, ng'oma inaleka.

Anadzidzimuka sitima ikulowa pa Bhayandar, siteshoni ya tsidya lina. "Tafika pamlatho?"

Anamvetsera phokoso la pansi, nkumvetsa. Anaseka pang'ono, nkuyamba kuvula nkhata. "Basi. Mwina sanandilembere. Tingoaja..."

"Ayi!" anatero Kokila, ndipo anaimirira yekha popanda womukoka. "Titsika. Tiwolokanso."

Kutsika pa Bhayandar m'mawa, m'sitima ya ku Virar, sikuchitika. Panja pamakhala khamu lofuna kulowa, ndipo pakati pa ife ndi khomo anthu anali atathinana moti udzudzu ukanachita kupempha njira. Komanso Kokila anali ndi makiyi a kubanki m'chikwama, Mehrunnisa anali ndi mkulu wa anamwino wolusa ngati mavu, ine ndinali ndi ana olemba mayeso. Palibe anazikumbuka. Mehrunnisa anakwera pabenchi.

"Amayi! Ndi a Shevanta, akufuna kutsika!"

Ndiye ndinamva chinthu chimene sindidzachiiwala. Mayi wina anati "ajasiti," wina nkulandira, winanso nkulandira, liwu lija likuyenda pakamwa ndi pakamwa mpaka pakhomo, nkutulukira papulatifomu. M'bogi imeneyo munalibe munthu amene tai sanamupezerepo malo. Mimba zinalowa m'kati, zikwama zinakwera pamitu, ndipo panatseguka kanjira. Kokila anadutsamo cham'mbali, ife pambuyo pake ngati anapiye.

Sitima yobwerera inali pafupifupi yopanda anthu, poti m'mawa ndani amapita kumene aliyense akuchokera? Tai analowa nkuima kakasi pakati pa mabenchi opanda kanthu. Kenako anasankha imodzi nkukhala kumapeto kwenikweni, thako limodzi, miyendo m'njira.

"Shevanta, ndikumenya," anatero Kokila. Tinawakankhira kuzenera.

Ng'oma inayamba. Anagwira zitsulo ndi manja onse awiri, nkumayendetsa mutu pang'onopang'ono, uku ndi uku, kuti botolo lawo litole zonse. Mtsinje unali utadzaza, dzuwa likunyezimira pamwamba pake mpaka kumene umakumana ndi nyanja.

"Mayo ine," anatero. "Malo onsewa, popanda wokhalapo!"

Kenako anapeza mabwato. "Awo ndi a mchenga?"

"Omwewo, tai."

"Ticha, maso ako ndi abwino. Pali amene akuyang'ana kuno?"

Ndinayang'anitsitsa. Amuna anali chiweramire, ena akumira, ena akukoka zingwe. "Palibe, tai. Onse ali pantchito."

"Ngakhale mmodzi?"

"Ngakhale mmodzi. Akati adzutse mutu, ndowa imugwera mnzake ali pansiyo."

Mapewa awo anayamba kugwedezeka. Ndinayesa akulira, koma kunali kuseka, kuseka kotulutsa misozi.

"Abodza aja! Bambo a Dattu, abodza! Akanakupiza nthawi yanji? Ine kuwanamiza kuti ndawaona, iwo kundinamiza kuti akupiza, kenako tonse nkudya mpunga wathu mosangalala. Ndiye ine zaka zonsezi ndikuwamvera chisoni!" Anapukuta m'maso. "Kani m'nyumba muja oajasita tinalimo awiri."

Anatenga nsonga ya sari yawo, nkuitulutsa pakati pa zitsulo, nkumaikupiza mpaka mlatho unatha. Palibe wa m'bwato anadzutsa mutu. Iwo analibe nazo ntchito.

Tsiku limenelo banki ina inatsegula mochedwa, ine ndinafika kusukulu ana atayamba kale kulemba, ndipo tai anafika kufakitale mwambo wowatsanzika utatha, tiyi atazizira. Anamwa wozizira yemweyo. Chimene ananena pomwa, mukuchidziwa kale.

Botolo linavundikirika mu 2002. Tinkapita kukawaona m'chipinda chawo chija, ndipo ankatikhazika ndi khutu lokha: "Kokila pabedi, koma pakati, lingatembenuke. Mehru, paliponse. Ticha, pa chitini cha mpunga, usatsamire." Ankafunsa za m'bogi, kuti wabereka ndani, wakangana ndi ndani, mpando wawo akukhalapo ndani. Nthawi zina ankatiuza za mtsinje, ngati ife sitinauonepo.

Ine ndinapuma ntchito mu 2013. Masiku ano ndimakwera mwa apo ndi apo, popita kwa dokotala wa mawondo. Mabogi ndi atsopano, mazenera ndi aakulu, koma atsikana a pazenera maso amakhala pafoni, mlatho nkudutsa osauona. Mpando wachinayi ulipobe, liwu lijanso lilipo. Ndimalimva ulendo uliwonse. Koma amalinena ndi chigongono, ndipo latsala ndi tanthauzo limodzi lokha: choka. Palibenso wolikoka, dzanja lili pabondo pako. Ndikapeza malo athunthu, ndimangozindikira ndapumira m'kati, nkusiya kamalo ka sosala kumapeto kwa benchi, ndipo ana a masiku ano amandiyang'ana ngati gogo wasokonezeka.

Komaliza kuwaona tai kunali kuchipatala, mvula ikugwa ngati tsiku lija tinakumana. Odwala anali atachuluka, ena atagona pansi, ndipo Dattu anali atavutika kwambiri kuti awapezere bedi. Ndinawapeza atagona cham'mbali, m'mphepete mwenimweni, mwendo umodzi ukulendewera. Mbali yaikulu ya bedilo kunali kutagona mayi wachilendo, amene tai anamumva akubuula pansi.

"Tai, mugwa!" ndinatero.

"Ndi Ticha ameneyo? Ndinagwapo liti ine? Bwera, khala apa. Mayi inu, pindani mawondo pang'ono, kwabwera mlendo."

"Palibe malo, tai."

"Wakuuza ndani?"

Ndinakhala, theka lokha. Dzanja lawo linafufuza mpaka linapeza bondo langa, nkukhala pomwepo. Liwu lija sanalinene; analibe mpweya wolikokera. Ndinawanenera ndine.

Bedi lonse anamusiyira mayi uja pamene anatisiya, m'mawa wa Lachiwiri, pa 19 Ogasiti 2008.